A Goliati ndi Jombo za Apongozi

A Goliati Ndau a ku Kandeu anali munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo amene sanayendepo nawo ulendo ankangoti ndi aukali chabe. Dzina lokha ndilo linali lalikulu. Eni akewo anali aafupi, owonda, a ndevu zochepa zonga za tonde. Akamakulonjera sankakuyang'ana kumaso. Maso awo ankathamangira kumapazi ako, ndipo usanayankhe moni unali utamva kale kuti zikhadabo zako zatalika, kapena kuti thekenya lakulowa pachala ndipo iwe ukungoliweta ngati mbuzi.

Ukali umenewu sanabadwe nawo. Pa nkhondo ya Ajeremani anawagwira utengatenga pamodzi ndi mng'ono wawo Lazaro, onse awiri ndevu zisanamere. Anayenda miyezi yambiri m'mvula, bokosi lili pamutu. Zingwe za nkhwaira za Lazaro zitanyowa zinayamba kumudya pakati pa zala. Matuza anatuluka, anaphulika, matope n'kulowamo, ndipo palibe amene anaima. Tsiku limene Lazaro analephera kuponda pansi, mzungu woyang'anira gululo analamula kuti bokosi lichotsedwe pamutu pake, iyeyo asiyidwe pansi pa mtengo. Bokosilo analisanjikiza pa la a Goliati.

"Katundu wa Lazaro ndinamufikitsa ine," ankatero atakalamba, "wosanyowa, wosasweka. Mwini mutu ndiye anatsalira afisi." Akanena zimenezi ankalavula, nkhani n'kuthera pomwepo.

Nkhondo itatha anayamba ntchito imene anaigwira mpaka malole atachuluka m'misewu: kutsogolera amuna opita ku Halale wapansi. Masiku amenewo ambiri kwathu ankapita okha, osadzera kwa olemba anthu ntchito. Unkakwera mapiri mpaka ku Lizulu, n'kulowa m'dziko la Apwitikizi, n'kutsetserekera ku Tete, n'kuwoloka Zambezi, kenako kumangoyenda. A Goliati ankadziwa midzi yopatsa madzi ndi yomana, ndiponso tinjira tolambalala asilikali. Akawafikitsa anthu ankabwerera kudzalima. Mumgodi sanalowemo, papulazi la mzungu sanagwirepo khasu.

Ulendo usanayambe ankatikhazika pansi titatambalala ngati amayi osenda nandolo, n'kumadutsa phazi ndi phazi, kudinikiza ndi chala chachikulu. Nkhwaira ankasoka okha za chikopa cha ng'ombe, ndipo ankafuna kuti munthu aziyendere mwezi wathunthu akadali pamudzi, akuzipaka mafuta a nsatsi mpaka zifewe. Pamtsinje uliwonse unkavula, kuwoloka, kupukuta pakati pa zala, n'kudikira kuti phazi liume usanavalenso. Kamchenga kakalowa unkaima pomwepo, ngakhale anzako akusiye.

"Amati chakudza sichiimba ng'oma," ankatero, "koma thuza limaimba. Penapake pakangotentha ngati wayandikira khala la moto, fuula. Tiima tonse. Wochita manyazi atsale, azikapalira nyemba ndi amayi ake."

Potenthapo ankapakapo mafuta n'kukulungapo kansalu kofewa. Thuza laling'ono sankaliboola. Lalikulu ankaliboola m'mbali ndi singano yowotcha pamoto, kufinya madziwo, koma khungu lake ankalisiya, amvekere chivundikiro choika Mulungu sachotsa munthu. Ndipo popeza mapazi anali ambiri, maso awo awiri okha, ankatiika awiriawiri. Aliyense anali mlonda wa mapazi a mnzake. Madzulo sankafunsa mwini phazi, poti mwini phazi amanama. Ankafunsa mlonda.

Chaka cha 1936, titakolola, tinanyamuka amuna khumi ndi awiri. Ine ndinapatsidwa mapazi a msuweni wanga Kizito, munthu wanthabwala, wojintcha, amene anali atangokwatira Lufina, mwana wa a Paison, ndipo ankakhala chikamwini.

A Paisonwo anapita ku Joni kawiri n'kubwerako kawiri, ndipo maulendo onsewo anafika pamudzi atavala jombo zomwezo, za mumgodi, zachitsulo kumphuno. Ana awo aamuna awiri anapita opanda jombozo, ndipo onse anatchona, osatumiza ngakhale kalata. Mkuluyo anasinkhasinkha yekha n'kupeza kuti jombozo ndizo zimadziwa njira yobwerera kumudzi. Anali Mkhristu wosajomba kutchalitchi, zithumwa sankazifuna, koma pa jombo zokhazi anali ndi chikhulupiriro chakechake. Anazitsitsa kudenga, kumene zinakhala zaka zisanu ndi zitatu mu utsi zitauma gwa ngati nyanga, n'kumulumbiritsa Kizito pamaso pa mkazi wake kuti sadzaponda njira osazivala kufikira atalowa m'Halale. Phazi la a Paison linali lalifupi, lowonda. La Kizito linali ngati khasu.

M'mawa wonyamuka, a Goliati anangoziona n'kuima.

"Iwe, ziboda zimenezo ukupita nazo kuti?"

Kizito anayang'ana pansi. Anayankha ndi a Paison, amene anabwera kudzaperekeza. "Ndi zanga izo, a Ndau. Ndamupatsa mwanayu."

"Mwachita bwino. Azipachike m'khosi, akavale pofika kuti a ku Halale amuone."

"Wazizolowera. Mwezi wonsewu wakhala akupita nazo kudimba."

Linali bodza, ndipo ine ndinkadziwa, chifukwa kudimbako ndinkapita naye. A Goliati anatembenukira kwa Kizito. "N'zoona?"

Apongozi ake anali pomwepo, mkazi wake ali apo ndi phukusi la kamba. "Eya, bambo," anatero. Mkamwini akanayankha chiyani? Ndipo a Goliati, ndi ukali wawo wonsewo, sakanamutcha wabodza munthu wa imvi pamaso pa mkamwini wake. Anandiloza ine. "Benson, mapazi awa ndi ako. Ndizifunsa iwe."

Tsiku loyamba tinakwera mapiri tikuseka.

"Msuweni, ukumveka ngati bulu pa mlatho," ndinatero.

"Nsanje basi," anayankha Kizito. "Iwe ukalowa m'Halale ngati wochokera kokumba mbewa."

Koma pamtsinje wina chakufupi ndi Lizulu, atavula, ndinaona zidendene zonse ziwiri zitafiira, pa chilichonse pali thuza ngati nsawa, ndipo zala zing'onozing'ono zitapanikizana. Ndinaimirira kuti ndiitane a Goliati. Kizito anandigwira dzanja.

"Akaona andivula, ndipo wina akanena kumudzi. Lufina ndi woyembekezera, msuweni. Akamva kuti ndaphwanya lumbiro aziti nanenso ndatchona ngati alongo ake. Komanso ndife Angoni ife. Tilire thuza?"

Mawu otsirizawo ndi amene anandigwira, ndipo mpaka lero amandikwiyitsa. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna sabuula, ndiye tinkaona ngati kubisa chilonda ndi ungwazi. Madzulo a Goliati atafunsa, ndinati, "Ali bwino, bambo."

Titalowa kwa Apwitikizi tinayamba kuyenda motalikirana, awiri apa, awiri uko, kuti tisaoneke ngati gulu. A Goliati ankakhala patsogolo penipeni. Tsiku lachiwiri matuza aja anaphulika, Kizito anaponyamo masamba m'jombomo n'kumayendabe. Pofika pogona mapazi anali atatupa, ndipo anaopa kuti akavula sangathenso kuvala. Anagona nazo, atadzifunditsa bulangete mpaka kumapazi, amvekere akumva chisanu. Pamitsinje ankawoloka osavula, ine n'kumayang'ana kumbali. Tsiku lachitatu nthabwala zinatha. Ankangoluma mano, phukusi lake ndikusenza ine. Madzulo ake ndinati ali bwino ndisanafunsidwe n'komwe.

Tsiku lachinayi a Goliati anatsalira m'mudzi wina kupempha ufa, natiuza kuti titsogole. Njira yake inali yamchenga. Dzuwa lili paliwombo tinamva mfuu kumbuyo kwathu.

"Imani! Inu awiri, imani!"

A Goliati anafika akuthamanga, thumba la ufa likuwamenya pamsana.

"Mtunda wonsewu ndakhala ndikutsata mapazi a munthu woponda chammbali, mwendo wina akuukoka ngati chikuni. Khala pansi. Vula."

"Sizikuvulika, bambo."

Anasolola mpeni.

"Chonde bambo, ndi za apongozi!"

"Apongozi ako ali ndi mapazi awo awiri kumudzi, akuwothera dzuwa. Tambasula!"

Ya kumanzere inatuluka ndi khungu la chidendene. Ya kumanja anachita kuing'amba kuyambira pamwamba mpaka kumphuno, ndipo fungo limene linatuluka linabweza m'mbuyo anzathu amene anali atasonkhana. Phazi linali litatupa ngati dzungu, mafinya ali chuchuchu, zala ziwiri zakumapeto zitada bii. Mzere wofiira unali utakwera kupitirira kakolo. A Goliati anamugwira m'mphechepeche n'kupeza mwanabere, anamugwira pamphumi n'kupeza moto.

Sanandimenye. Bwenzi zili bwino akanandimenya.

"Benson, dzulo unati chiyani?"

Sanadikire yankho langa.

"Unati ali bwino. Dzana unati ali bwino. Gwada. Gwada ununkhize ubwino wakowo!"

Ndinagwada.

"Uyu ndi chitsiru, koma chitsiru chomangidwa ndi lumbiro. Nanga iwe anakumanga ndani? Ndinakupatsa bokosi la mzungu kuti usenze? Ndinakupatsa mapazi awiri okha, a mwana wa atsibweni ako, ndipo wawaoletsa uli maso!"

Akukalipa choncho manja awo anali pantchito. Anatuma wina kukoleza moto, wina kutunga madzi, wina kubwerera kumudzi kuja kukapempha uchi. Anavula malaya awo, okhawo amene anali nawo, kuwang'amba n'kuwawiritsa mumphika. Madzi ena anawawiritsa ndi mchere, ndipo atazizira pang'ono anandigwiritsa ine phazilo iwo akutsuka. Kizito analira ngati mwana, Ungoni wonse utathawa. Atatsuka anapaka uchi, kukulunga mosathina, n'kuutsamiritsa mwendowo pa phukusi kuti ukhale m'mwamba.

"Lakumanzereli ndilitha," anatero. "Lakumanjali landipitirira. Thuza likafika pa mwanabere si langanso, ndi la kuchipatala. Tikachedwa amudula mwendo, tikachedwetsa timuika m'manda."

Chipatala chapafupi chimene ankachidziwa chinali cha mishoni, kumapiri a kwathu, kumene tinachokera. Apa mkulu wina wa ku Champiti, amene unali ulendo wake wachitatu, anatsokomola.

"A Ndau, tisataye ulendo wa anthu khumi chifukwa cha mmodzi. Timusiye m'mudzi muja ndi kaufa. Akachira abwerera yekha."

A Goliati anaimirira pang'onopang'ono, opanda malaya, nthiti zikuwerengeka.

"Timusiye. Chabwino. Sankhani mtengo, achimwene. Uwu? Kapena uwo wamthunzi wabwinowo? Sankhani, mumukhazike bwinobwino, mutenge phukusi lake musanjikize pa lanu. Ndinaziona zimenezo, koma anachita ndi mzungu wosadziwa dzina la munthuyo. Inu ukwati wa Kizito munavina nawo, nyama yake munadya!"

"Sindinanene moipa ayi."

"Mwanena bwino kwambiri, ndiye kuipa kwakeko. Wofuna Halale, njira ndi iyo. Ine ndikubwerera."

Asanu anasankha kupitirira. A Goliati anawajambulira njira pamchenga, midzi ndi madooko, akuwatukwana, kenako anawakhazika pansi n'kuwayendera mapazi mmodzimmodzi asanawalole kunyamuka. Otsalafe tinadula nsungwi, kumangirirapo bulangete, n'kupanga machila.

Tinamusenza masiku atatu, chokwera. M'mawa, masana ndi madzulo a Goliati ankamasula nsanza zija, kutsuka, kuwiritsa, kumanganso. Kizito ankabwebweta, nthawi zina kuitana Lufina, nthawi zina kupepesa apongozi ake. Akapepesa choncho a Goliati ankatafuna mano mpaka kumveka. Ine sanandiyankhule njira yonseyo. Koma tikaima paliponse ankabwera, kundinyamula phazi ngati la ng'ombe, kuliyang'ana, kupaka mafuta pamene pafiira, n'kulitaya pansi osanena kanthu.

Kuchipatala kuja tinapeza sisitere wachizungu wodziwa chinenero chathu. Ataona phazilo anafunsa amene ankalitsuka, ndipo titamuonetsa a Goliati, iye anangogwedeza mutu movomereza. Zala ziwiri zakudazo anazichotsa tsiku lomwelo. Za mwendo anati tidikire masiku anayi. Kuda kuja kukapitirira, adzadula m'munsi mwa bondo.

Tinatumiza uthenga ku Kandeu. Tsiku lachitatu a Paison anafika ndi Lufina, iye atasenza dengu la ufa ndi nkhuku. Lufina analowa kukaona mwamuna wake. A Paison anasuzumira pakhomo, n'kubwerera msanga kudzakhala pakhonde pamene tinali ife. Anapereka moni, tinayankha. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga jombo zija?"

Sindinkadziwa kuti a Goliati anazisunga. Anazitulutsa m'thumba la ufa lija n'kuziponya pamapazi pa mkuluyo, ntchentche n'kutsatira.

"Izo. Valani."

"A Ndau..."

"Valani, tiyende. Osati ku Halale ayi, pa Lizulu pompa. Ine ndikuperekezani. Mwana wa eni ake ali m'katimo akudikira mpeni, inu mukufunsa za chikumba cha ng'ombe yakufa kalekale?"

Odwala ena anayamba kutuluka kudzaonerera. A Paison anagwira chipewa chawo ndi manja awiri.

"Ndinali ndi ana aamuna awiri, a Ndau. Ndinawaperekeza pa njira yomweyo. Amayi awo anamwalira akuyang'ana kumpoto kwa mudzi, kumene njirayo imatulukira. Ndatsala ndi Lufina yekha. Ndimati mkamwiniyu yekha adzabwereko."

Ine mtima unandifewa. A Goliati sunawafewe.

"Ana anu anatchona ndi mitu yawo, sanatchone ndi mapazi. Chisoni chanu ndikuchimva, koma bodza lija silinali chisoni. Mukanandiuza zoona m'mawa uja, bwenzi nditazimangirira pamsana pake, zikanafika ku Halale n'kubwerako osamuluma. Koma munaima pamaso panga ndi imvi zanuzo n'kunena kuti wazizolowera, podziwa kuti mkamwini sangakutsutseni, podziwa kuti inenso sindingakutsutseni. Ulemu wathu munausandutsa chingwe chomangira mwanayu!"

Lufina anali atatuluka, ataima pakhomo. Anali mkazi wofatsa, wosakweza mawu pamaso pa amuna, koma tsiku limenelo sanagwade n'komwe.

"Bambo, usiku wa ulendo mwamuna wanga anandiuza kuti zikumuthina. Ndinabwera kwa inu. Munati chikopa chimamvera phazi, zifewa zokha m'njira. Zingwe zake ndinamanga ndine, pomvera inu." Anapuma, kenako anati, "Akamudula mwendo, mudzalima ndinu munda wake."

Anatola jombozo ndi nsonga za zala, n'kupita nazo kuseri kumene ankatentherako nsanza za odwala. A Paison sanamuletse.

M'mawa wa tsiku lachinayi sisitere anatilola kulowa, a Goliati, Lufina ndi ine. Wothandizira wake, bambo wa kwathu konkuno wovala zoyera, anamasula nsalu pang'onopang'ono. Fungo lija linali litachepa. Sisitere anadinikiza pamwamba pa phazi, pa kakolo, pa katumba, akumuyang'ana Kizito kumaso. Anamugwira pamphumi. Mzere wofiira uja unali utabwerera pansi, ndipo pamene panachoka zala panali nyama yofiira bwino.

"Mwendo utsala," anatero. "Phazinso litsala."

Lufina anakhala pansi pomwepo n'kudziphimba ndi nsalu. Koma a Goliati sanakhulupirire za kumva. Anamukankha pang'ono wovala zoyera uja, n'kugwada, kuliyang'ana phazilo pansi ndi pamwamba, kulinunkhiza.

"Gwedeza zotsalazo," anatero.

Kizito analuma mlomo. Zala zitatu zinagwedera.

"Bwerezanso."

Zinagwederanso. A Goliati anakhala pansi pa simenti, chipewa atachikokera kumaso, mapewa akunjenjemera, ndipo tonse tinayang'ana kwina. Wothandizira uja anayamba kukulunga nsalu yatsopano. Asanafike pakati, chipewa chija chinatukuka.

"Iwe! Ukumanga mtolo wa nkhuni kapena phazi la munthu? Masula, uyambirenso. Chala changa chizilowa pansi pa nsaluyo."

Bamboyo anayang'ana sisitere. Sisitere anati amvere, ndipo anamasula.

Kizito anatuluka patapita masabata asanu akuyendera ndodo. Ku Halale sanapitekonso. Mvula yoyamba inamupeza m'munda mwake, akutsimphina pakati pa mizere, akubzala chimanga.